Lichess ikuphunzitsani misampha, koma kuyala nkhondo muphunzira nokha

Mwa malo onse osewerera chess pa intaneti, munthu akandifunsa koyambira ndimamulozera ku Lichess, ndipo chifukwa choyamba sindibisa: n'kwaulere. Palibe chitseko chimene amakutsekerani kuti muyambe mwatulutsa khadi la kubanki, palibenso zotsatsa malonda zobwera kudzaphimba bolodi gemu ili mkati. Anaiyambitsa ndi Thibault Duplessis wa ku France mu 2010, ndipo mpaka lero imayendera ndalama zimene osewera amasonkha mwa kufuna kwawo. Wosonkhayo amangomuikira kachizindikiro ka phiko pambali pa dzina, koma zida zonse n'zofanana kwa aliyense. Kwa ife amene kulipira chinthu m'madola kumafuna uyambe wadandaulira m'bale wa ku Joni, nkhani imeneyi si yochepa. Ku Chess.com, kumene anthu ndi ochuluka kuposa, wosalipira amamupimira ma puzzle a patsiku, kuunika magemu amamupimiranso. Zoyerekeza ndisiyire pomwepa.

Ine ndimasewera chess yothira nkhondo. Zomakankha maponi mpaka move ya 60 kuti uwine ndi poni imodzi ndimazilemekeza, koma si zimene zimandigoneka mochedwa. Ndimafuna mfumu ya mnzanga isowe kolowera. Ndiye chimene ndikuunika pano n'chakuti munthu wokonda kuukira Lichess imamufikitsa pati. Kumaliza nkhondo imaphunzitsa bwino zedi, mwina kuposa mphunzitsi wolipidwa. Koma kuiyala nkhondoyo siikuphunzitsani pokhapokha mutadziwa mabatani oti mudine, ndipo mabatani amenewo si amene amagwa m'maso msanga.

Ma puzzle ndiwo chuma chake chachikulu. Sachita kupekedwa ndi munthu atakhala pa tebulo. Amatengedwa m'magemu enieni amene anthu asewera pomwepo: kompyuta, pogwiritsa ntchito Stockfish, pulogalamu yamphamvu yosewera ndi kuunika chess, imasefa magemuwo n'kutola malo amene wina anaphonya ndipo mnzakeyo anali ndi njira imodzi yokha yomulangira. Alipo mamiliyoni angapo, simudzawamaliza. Kukoma kwake n'kwakuti bolodi limaoneka ngati la gemu yanu ya dzulo: maponi opiringizana, hatchi yosokera m'mphepete, mfumu imene mwini wake anaiwala kuibisa. Muthanso kusankha kulimba kwake, kuyambira otsika ndi 600 pa rating yanu (nambala yoonetsa mphamvu zanu) mpaka okwera ndi 600.

Ambiri amangodina Puzzles n'kumalandira zosakanikira. Inu dinani Puzzle Themes. M'menemo mwasanjidwa chilichonse chimene wothira nkhondo amafuna: Fork, Pin, Skewer, Discovered attack, Sacrifice, Kingside attack, Exposed king, Attacking f2 or f7. Ziwiri zimene ndimazikonda kuposa zonse ndi Deflection ndi Attraction. Yoyambayo imakuzoloweza kuona mlonda, kaya ndi ruku imene ikulondera mzere wakumbuyo kaya ndi kwini amene akuteteza g7, n'kumuchotsa pa ntchito pomupatsa chinthu choti sangakane kudya. Inayo ndi yokokera mfumu pa bokosi limene sikanafuna kuponda. Sankhani mutu umodzi, mutsitse kulimba, mubwereze mpaka diso liziona lokha musanayambe kuwerengera. Ma puzzle ofewa anthu amawanyoza chifukwa sakweza rating, koma ndi amene amabwera m'magemu athu.

Chitsanzo chimene chimaonetsa mphamvu ya kubwereza ndi Smothered mate. Polemba, K ndi mfumu, Q kwini, R ruku, B bishopu, N hatchi, ndipo poni ilibe chilembo; x ndi kudya, + ndi cheki. Mfumu yakuda ili pa g8, maponi ake a g7 ndi h7 sanasunthe, ya f7 inachoka kale, ruku ili pa a8. Inu muli ndi hatchi pa g5. Mukupereka Qe6+, mfumu ithawira pa h8. Nf7+, ibwerera pa g8. Nh6+, apa cheki ndi wa awiri, hatchi ndi kwini, choncho kutchinga sikutheka, ibwereranso pa h8. Kenaka mukuika kwini wanu pa g8, pakamwa penipeni pa mfumu. Mfumu singamudye poti hatchi ya pa h6 ikumuteteza, ndiye ruku iyenera kudya. Ruku ija yatseka khomo lomaliza, Nf7 n'kukhala meti. Munthu amene sanazionepo sangaganize zotaya kwini chonchi ali ndi masekondi 20 pa wotchi. Amene wazibwereza pa Lichess dzanja limangopita lokha.

Vuto la ma puzzle onse, a Lichess ndi ena omwe, ndi lakuti amakuuziranitu kuti pano pali kanthu. Zili ngati kukuitanirani kukhitchini nsima itapsa kale, n'kukupatsani chipande kuti muomole: muomola bwino ndithu, koma moto anasonkha wina, kuvundula anavundula wina. Pa gemu palibe amene adzakukodoleni kuti tsopano perekani nsembe. N'chifukwa chake mumapeza munthu ali ndi rating ya ma puzzle yopitirira 2000, koma pa blitz, magemu a mphindi zochepa, akuvutika pa 1400. Amadikira malo okongola ngati a mu puzzle, osadziwa kuti malo amenewo amachita kumangidwa ma move khumi m'mbuyo. Ena amakhala oipirapo: amaona nsembe paliponse, bishopu akangoyang'ana h7 basi amuponya.

Batani lothandiza pamenepa ndi laling'ono. Mukamaliza puzzle, pambali pamalembedwa gemu imene yachokera, maina a osewera ndi nthawi imene ankasewera, ndipo mukhoza kuitsegula yonse. Bwererani m'mbuyo ma move khumi. Onani kuti hatchi ija inafika bwanji pa g5, poni ya f7 inachoka chifukwa chiyani, wolakwayo anayambira pati kusiya mfumu yake yokha. Puzzle imodzi yoonedwa chonchi imandipatsa zambiri kuposa makumi awiri othamangitsa. Onjezanipo mitu iwiri imene okonda nkhondo amaizemba, Quiet move ndi Defensive move. Mu Quiet move yankho silikhala cheki kapena kudya, limakhala kusuntha kwachete kumene kukutseka njira yothawira, ndipo nkhondo zambiri zimafera pamenepa: munthu amapereka macheki mpaka mfumu yathawira kwabwino. Pali tsamba lina la Puzzle Dashboard limene limakuonetsani mitu imene mukulephera kawirikawiri ndi kukubwezerani ma puzzle amene munaphonya. Silikometsera munthu.

Pansi pa Learn pali Practice, ndipo mmenemo muli phunziro la Greek Gift, nsembe ya bishopu pa h7 imene Gioachino Greco wa ku Italy anailemba kale m'zaka za m'ma 1600. Ndikhalitsapo pang'ono chifukwa nsembe imeneyi ikuonetsa bwino kusiyana kwa kuloweza ndi kumvetsa. Muli ndi zoyera. Bishopu wanu ali pa d3, hatchi pa f3, kwini pa d1, bishopu winayo pa c1 njira yake yotsegula, ndipo poni yanu yafika pa e5 n'kuthamangitsa hatchi yakuda pa f6, yapita pa d7. Wakuda wabisa mfumu pa g8, kwini wake ali pa d8, poni pa e6. Mukusewera Bxh7+ Kxh7, Ng5+ Kg8, Qh5. Meti ikubwera pa h7, ndiye wakuda atsegulira mfumu njira ndi Re8. Mupitiriza Qxf7+ Kh8, Qh5+ Kg8, Qh7+ Kf8, Qh8+ Ke7, Qxg7 meti. Mfumu yafera pakati pa anthu ake: d8 pali kwini wake, d7 hatchi yake, e8 ruku yake, e6 poni yake, ndipo d6 yagwiridwa ndi poni yanu ya e5.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha. Kwini wakuda akhale pa c7 m'malo mwa d8. Mfumu ikafika pa e7 ili ndi khomo pa d8, meti ija palibe, muyenera kuwerengera zina. Chotsani poni yanu pa e5: wakuda abwezera hatchi pa f6, h7 yatetezedwa, bishopu wanu wapita pachabe. Chotsani poni yakuda pa e6, hatchi ija isakhalenso pa d7: bishopu wake wa c8 alumphira pa f5 n'kugwira h7 kuchokera kutali. Ikani bishopu wakuda pa e7: hatchi yanu ikangotera pa g5 idyedwa, pokhapokha mutakhala ndi poni pa h4 ndi ruku kumbuyo kwake. Ndipo mfumu siikakamizidwa kubwerera pa g8, ikhoza kutulukira pa g6, pamene mufunika Qg4 kapena h4 ndi mtima wodekha. Zonsezi Lichess imakulolani kuziyesa: pali Board editor imene mumasuntha zinthu mmene mukufunira, n'kutumiza ku Analysis board kuti Stockfish ikuuzeni ngati nsembe ikugwira. Madzulo amodzi oseweretsa malo amenewa amakusiyirani mafunso anayi kapena asanu oti muzidzifunsa musanaponye bishopu. Koma palibe chimene chimakukokerani kumeneko, muyenera kudzituma nokha.

Puzzle Storm ndiyo imatchuka, ndipo ine sindiitamanda kwambiri. Amakupatsani mphindi 3, mukalakwa amadula masekondi 10, mukalondola motsatizana amawonjezera pang'ono. Imakoma, mtima umagunda, ndipo ngati yotenthetsera mutu musanayambe magemu ilibe vuto. Koma imazoloweza dzanja kuthamangira cheki woyamba amene laona. Puzzle Racer ndi yomweyo koma mukupikisana ndi ena kwa masekondi 90. Yabwino pa zitatuzi ndi Puzzle Streak: palibe wotchi, ma puzzle amanka nalimba, mukalakwa kamodzi mwathera pomwepo, ndipo kudumpha amakulolani kamodzi kokha. Imeneyo imakukakamizani kuwerengera mpaka kumapeto musanagwire kanthu, monga zimakhalira pa bolodi lenileni pa mpikisano wa Chessam, bungwe la chess m'Malawi, pamene chimene wagwira uyenera kusuntha.

Tibwere ku magemu. Blitz ya pa intaneti imalipira nkhondo zabodza, ndipo Lichess siikubisirani zimenezi ngati mukufuna kudziwa. Ku ntchito kwathu kuli mkulu wina amene akatenga zakuda sasewera china koma Stafford Gambit, ija anaitchukitsa Eric Rosen pa YouTube. Tsiku lina pa nkhomaliro anandiyandikizira foni.

“Achimwene, taonani izi. Ma move 8 okha, munthu wagona.”

Gemu yake inali 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6 5.d3 Bc5 6.Bg5 Nxe4 7.Bxd8 Bxf2+ 8.Ke2 Bg4 meti. Ndi yokongola, sindikana. Woyera anaona kwini waulere pa d8 n'kuiwala kuti f2 ilibe mlonda koma mfumu yokha.

“Zakoma akuluakulu,” ndinatero, “nanga akanasewera 6.Be2?”

“Aaa, anthu amenewo pa 3+0 sapezeka.”

Ananena zoona pang'ono: 3+0 ndi mphindi 3 aliyense, popanda masekondi oonjezera pa move. Koma tinatsegula Opening explorer, kabuku kaja kali pansi pa Analysis board, ndipo ndi chida chimene ndimachiika pamwamba pa zonse za Lichess. Chimakuonetsani ma move amene anthu asewera pa malo alionse, kangati, ndi mbali imene inawina. Muthanso kusefa: magemu a akatswiri okha, kapena a pa Lichess, ndipo pamenepo mumasankha rating ndi liwiro. Mukasefa bullet, magemu othamanga kuposa blitz, ya rating yotsika, Stafford imaoneka ngati mankhwala. Kwezani rating, musankhe rapid, ya nthawi yotalikirapo, muone mmene mbali yakuda ikufupikira. Ku magemu a akatswiri ndiye siipezekapezeka. Chifukwa chake chili pa bolodi: 6.Be2 yatseka g4, wakuda akakankha h5 woyera ayankha c3 kukonzekera d4, bishopu wa c5 atsekeredwa, ndipo woyera watsala ndi poni yoonjezera ndi pakati ponse. Mkulu uja akuiseweradi mpaka pano, ndipo ndi ufulu wake. Chimene explorer imachita n'kukuuzani mtengo wa msampha wanu, kuti mudziwe pamene udzasiye kugwira.

Chimodzimodzi Fried Liver, imene aliyense pansi pa 1500 amakumana nayo: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5. Wakuda akadya ndi 5...Nxd5, pabwera 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6 8.Nc3, mfumu ili pakati pa bwalo ndipo woyera akusangalala. Explorer ikuonetsani nthawi yomweyo kuti odziwa amasewera 5...Na5, n'kupereka poni pambuyo pa 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6, ndipo amene akuthamangitsa mnzake tsopano ndi wakuda. Wokonda nkhondo ayenera kuidziwa mbali zonse ziwiri.

Gemu ikatha pali batani lopempha kompyuta iunike. Kuunikako sikuchitikira pa foni yanu, kumachitikira pa makompyuta a anthu odzipereka amene amabwereketsa mphamvu zawo ku Lichess, choncho batire silitha ndipo foni siitentha. Pakapita kanthawi mumalandira chithunzi cha mmene gemu inkapendekera, ndi zizindikiro pa ma move olakwika: ?! pa kuphonya pang'ono, ? pa kulakwa, ?? pa kudzipha. Kenaka pali Learn from your mistakes, imene imakubwezerani pa malo amene munalakwa n'kukuuzani kuti mupeze nokha move yabwino isanakuonetseni. Imeneyi ndi puzzle yochokera m'manja mwanu momwe, ndipo palibe imene ingaipose. Ndinati ndasiya zoyerekeza, koma ichi chokha mundilole: Lichess siipereka kachizindikiro kotamanda move kuti ndi yanzeru zedi monga amachitira kwina, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino. Kachizindikiro kameneko kamachititsa anthu kusakasaka nsembe kuti akajambule n'kuika pa WhatsApp.

Pa kuunika komweku pali chinthu choti muchenjere nacho. Stockfish siopa. Mfumu yake ikhale pakati pa bolodi, makwini akuizungulira, ngati pali njira imodzi yopulumukira ya ma move 12 imaiona, n'kulemba kuti nsembe yanu inali yolakwa. Mdani wanu si Stockfish. Mikhail Tal wa ku Riga, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1960 pogonjetsa Botvinnik ali ndi zaka 23, anawina magemu ambiri ndi nsembe zimene anthu anadzazipezera mayankho pambuyo pake, ali phee kunyumba, wotchi isakuyenda. Ndiye mukaona ? pa nsembe yanu, musangogwa mphwayi, tsatirani mzere umene kompyuta yapereka. Ngati yankho lake linali move imodzi yoonekeratu, nsembeyo inali yabodza ngakhale munawina. Ngati linafuna ma move asanu achilendo otsatizana, pa blitz mukhoza kuibwereza ndi mtima woyera. Kusiyanitsa ziwirizi Lichess siikuchitirani, imangopereka manambala. Chimene imakupatsani n'kabatani koonetsa chiopsezo, pa kompyuta mumadina x: kamaloza ndi muvi wofiira chimene mnzanu akanachita mukanangokhala osasuntha. Kwa ife oyang'ana mfumu ya mnzathu yokha, kabatani kameneka n'kofunika kuposa ena onse.

Pa kuyala nkhondo, phunziro limene ndimapatsa aliyense ndi gemu ya Paul Morphy ya ku Paris mu 1858, imene anasewera ndi Duke wa ku Brunswick ndi Count Isouard. Lembani ma move awa pa Analysis board: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.d4 Bg4 4.dxe5 Bxf3 5.Qxf3 dxe5 6.Bc4 Nf6 7.Qb3 Qe7 8.Nc3 c6 9.Bg5 b5 10.Nxb5 cxb5 11.Bxb5+ Nbd7 12.O-O-O Rd8 13.Rxd7 Rxd7 14.Rd1 Qe6 15.Bxd7+ Nxd7 16.Qb8+ Nxb8 17.Rd8 meti. Ma move awiri omalizawo ndi puzzle ya Deflection yeniyeni, aliyense wozolowera aipeza. Koma imani pa move ya 8. Poni ya b7 inali poyera, Morphy anaisiya n'kutulutsa hatchi. Imani pa 12: wabisa mfumu ndipo ndi move yomweyo ruku yafika pa mzere wa d. Imani pa 14: ruku yomaliza yalowa m'malo mwa imene yaperekedwa. Pomaliza woyera watsala ndi ruku imodzi ndi bishopu mmodzi, ndipo ndi zomwezo zikupereka meti, pamene bishopu wakuda wa f8 ndi ruku ya h8 sizinasunthe chiyambire gemu. Musanaukire werengani kuti zanu zimene zafika pafupi ndi mfumu ndi zingati, zake zoteteza ndi zingati. Mu Study, gawo limene anthu amasungamo maphunziro awo ndi kugawana, gemu imeneyi ilimo kambirimbiri ndi ndemanga za anthu osiyanasiyana. Zina n'zabwino, zina analemba ndi anthu ongoyamba kumene, ndipo palibe amene amazisefa, choncho musamakhulupirire Study chifukwa chakuti ili ndi mitima yambiri.

Mukafuna kuyeserera kumaliza nkhondo imene mwayala, tengani malo a mu gemu yanu, pamene munali bwino koma zinakuthawani, musankhe kupitiriza ndi kompyuta kuchokera pomwepo. Ili ndi milingo 8. Yapansi imasewera modabwitsa, ma move abwino angapo kenaka n'kutaya kwini popanda chifukwa, zimene munthu sachita. Bwino kusaka maia1, maia5 kapena maia9, makompyuta amene anaphunzitsidwa ndi magemu a anthu a rating ya 1100, 1500 ndi 1900. Amalakwa ngati anthu: amadya poni yapoizoni, amaiwala mzere wakumbuyo.

Mipikisano ya Arena imachitika usana ndi usiku, ndipo kwa wothira nkhondo ndi kwawo. Kuwina ndi mapointi 2, kufanana mphamvu 1, ndipo mukawina kawiri motsatizana magemu otsatira amawerengedwa kawiri mpaka mutalephera kuwina. Mukamaliza msanga mumapatsidwa mdani wina msanga, choncho wopha m'ma move 20 amasewera magemu ambiri kuposa wokoka. Palinso Berserk: mukadina gemu isanayambe, nthawi yanu imadulidwa pakati, masekondi oonjezera amachotsedwa, ndipo mukawina mumapeza pointi ina pamwamba, bola mwasewera ma move osachepera 7. Ndi zosangalatsa, koma si sukulu. Mwa mitundu ina ya chess imene ilipo, Crazyhouse ndi imene ndingauze munthu kuti alawe: chimene mwadya chimasanduka chanu ndipo mukhoza kuchiponya pafupifupi pa bokosi lililonse lopanda kanthu. Mukasewerako pang'ono mumayamba kuona mabowo ozungulira mfumu, f7, g7, h6, mwa njira imene chess wamba imachedwa kukuonetsani. Atomic ndi Racing Kings ndi zocheza chabe.

Kwa osewera pa foni kuno kwathu, nkhani yaikulu ndi netiweki. Lichess payokha ndi yopepuka, bolodi ndi ma move sizidya bandulo ngati mavidiyo, ndipo imabwezerako pang'ono nthawi yotayika chifukwa cha kuchedwa kwa intaneti. Koma magetsi akathima madzulo netiweki n'kuyamba kudukiza, masekondi 15 amapita muli kuyang'ana kachizindikiro kozungulira. Wosewera modekha amapirira zimenezi. Wopereka nsembe sapirira, chifukwa wataya kale hatchi ndipo akufunika nthawi yowerengera pamene nkhondo yafika pachimake. Choncho 1+0 ndi 3+0 asiyireni a intaneti yokhazikika. Sankhani za masekondi oonjezera: 5+3 ngati mukufuna blitz, 10+5 kapena 15+10 ngati mukufuna kuphunzira. Premove, kuja kosunthiratu mnzanu asanasewere, igwiritseni pobwezera kudya kokha. Pakati pa nkhondo mnzanu akangosintha move imodzi, kwini wanu amakatera pakamwa pa poni. Pulogalamu ya pa foni imasunga ma puzzle angapo oti muchite popanda intaneti, zothandiza mu minibasi kapena bandulo ikatha. Kuyatsa Stockfish pa foni penipeni ndiko kumakoka deta koyamba ndi kutenthetsa foni, bola kupempha kuunika kuja.

Rating ya Lichess imayambira pa 1500, ndiye manambala ake amaoneka okwera poyerekeza ndi a kwina kapena a FIDE, bungwe la chess la dziko lonse, musadzitame nawo pagulu. Obera pogwiritsa ntchito kompyuta alipo monga kulikonse. Akagwidwa akaunti yawo imaikidwa chizindikiro ndipo nthawi zina mumalandira uthenga wokubwezerani mapointi. Olankhula zachipongwe mukawapha ndi nsembe aliponso. Macheza a pa gemu amatsekeka, ndipo ngati foni mukubwereka mwana pali Kid mode imene imatseka mauthenga onse.

Chomaliza, chimene anthu ochepa amachigwiritsa ntchito: aliyense akhoza kupanga mpikisano wake, n'kusankha malo oyambira. Sonkhanani anzanu asanu kapena khumi a pa gulu la WhatsApp, muike Arena ya ola limodzi ya 5+3 yoyambira pa Evans Gambit, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Bc5 4.b4. Anaitulukira ndi William Evans, woyendetsa sitima zapamadzi wa ku Wales, m'zaka za m'ma 1820, ndipo si msampha wa ana: Garry Kasparov anagonjetsa nayo Viswanathan Anand ku Riga mu 1995 m'ma move 25. Magemu onse a ola limenelo ayambira pamalo amodzi, mutenga zoyera ndi zakuda mosinthana, ndipo mudzamva m'thupi kusiyana kwa kukhala ndi poni yoonjezera ndi kukhala ndi zida zotuluka kale. Wa zoyera akumbuke kuti pambuyo pa 4...Bxb4 pakubwera 5.c3 ndi d4 mosachedwa, kenaka kubisa mfumu ndi Qb3 kuyang'ana f7. Wa zakuda asaumirire poni ija. Akaona kuti kwatentha aibweze ndi d6 kapena d5, atulutse bishopu wa c8.